Anati Ndikudyetsa Ndondocha Kuchipinda

Ndikudziwa kuti ena mukamva nkhani iyi munena kuti mayi ameneyu wathira mchere wambiri, koma ine sindinathiremo kanthu, ndipo amene mukukayika kwerani minibasi mukatsike pa Dwangwa, mukafunse aliyense amene wakhalitsa pamsika paja za telala wamkazi amene anavekedwa tayala m'khosi dzuwa lili paliwombo. Akakuuzani ndithu, ngakhale ambiri akakuuzani akuyang'ana pansi, chifukwa analipo. Maina sinditchula. Si kuti ndikuopa munthu ayi, mantha anga anathera tsiku lomwelo, koma ena mwa anthuwo ali ndi ana amene sanandilakwire kanthu.

Ine ndine telala, ndipo makina ndinayamba kupalasa ndili mtsikana wosakwatiwa. Bambo a kunyumba kwanga anali msodzi wa ku Kanyenda, munthu wamtali wosalankhulalankhula, ndipo zovala zawo zonse, kuyambira za paukwati mpaka zopitira kunyanja, ndinkasoka ndine. Chaka china m'nyengo ya mwera analowa m'nyanja ndi bwato lawo ndipo sanabwerenso. Bwato linapezeka patapita masiku atatu litagadabuzika, koma thupi ayi. Tinafufuza m'mabango, tinafunsa m'madooko onse, osapeza ngakhale chipewa, mpaka akuluakulu akwawo anati maliro sangakhale pakhomo mpaka kalekale, ndiye tinachita zimene anthu a kunyanja amachita, kudula thunthu la nthochi, kulikulunga munsalu n'kuliika m'manda m'malo mwa munthu. Ine ndinalirira thunthu la nthochi, anthuni, ndipo ndinaliponyera dothi ndi dzanja langali.

Abale a malemu atandisudzula ndinasamukira pa Dwangwa ndi ana anga awiri aakazi, n'kuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa msika, khonde lake n'kukhala shopu yanga. Kumeneko ntchito inandiyanja. Odula nzimbe amang'amba zovala tsiku ndi tsiku, ana awo amafuna mayunifolomu, akazi awo mwezi ukatha amafuna madiresi atsopano, ndiye ine ndinkapalasa makina mpaka miyendo kutupa. Pasanathe zaka ziwiri ndinagula makina achiwiri, ana anga n'kuyamba kupita kusukulu atavala nsapato. Kodi pamenepo pali chodabwitsa? Koma kwathu kuno mkazi wamasiye amayenera kuonda, kutuwa ndi kumapempha mchere kwa aneba, akangonenepa pang'ono ndiye kuti alipo amene wamudya.

Masiku amenewo mavidiyo shoo anali pamwamba, mafoni oonerapo mafilimu asanachuluke. Panali bambo wina, mwini vidiyo shoo ya pafupi ndi siteji, amene ndinkamusokera mabuluku, ndipo tsiku lina anabwera akudandaula kuti mnzake wa tsidya lina la msewu wamulanda anthu chifukwa wagula zimkuzamawu zikuluzikulu. Nthawi imeneyo kunali filimu ina imene inapengetsa anthu, ya msilikali wa chipsera patsaya, wovala chijasi chofika m'mawondo, womenya adani ndi tcheni, amene omasulira mafilimu m'Chichewa anamupatsa mawu achipongwe mpaka aliyense pamsika ankamuyeserera. Bamboyo anali ataona tizidole ta waya timene ndinkavekapo madiresi pakhonde, ndiye anati akufuna ndimupangire msilikali ameneyo, wamtali ngati munthu weniweni, wakuti akaima pakhomo pa vidiyo shoo odutsa azimupatsa moni. Anati akalipentala awiri akana kale, akuti sizingatheke. Akanakhala kuti sananene zimenezo mwina ndikanakana nanenso, koma ine ndinabadwa wamakani, munthu akandiuza kuti chinthu sichingatheke m'pamene manja amandiyabwa. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndichite mwachinsinsi, kuopa kuti mnzake wa tsidya uja angamve n'kumutsogolera.

Filimuyo ndinakaionera kanayi. Tangoganizani mayi wa mpingo, duku kumutu, atakhala pabenchi pakati pa akabaza ndi odula nzimbe, kope la sukulu pamiyendo, anthu akukuwa kuti mmenye, mmenye, ine ndili kalikiliki kujambula kolala ya chijasi ndi kuwerenga mabatani. Ndinajambula nkhope kuchokera kutsogolo ndi m'mbali, mmene chipsera chinayendera kuchoka pansi pa diso mpaka pachibwano, ndi mmene nsidze ina inkakwerera akakwiya. Za thupi sindinavutike nazo, ndinati thupi la mwamuna ndi thupi la mwamuna basi, ndasoka mabuluku angati ine?

Ntchito ndinaigwirira m'chipinda chakuseri, ana ndinawasamutsira pabalaza. Mafupa ndinapanga a nsungwi, msana ndi miyendo nsungwi zokhwima, nthiti za waya wa mpanda, ndipo m'mawondo ndi m'zigongono ndinamanga ndi malegeni, mphira zija timadula ku chubu cha njinga. Mnofu wake unali tizidutswa ta nsalu. Telala sataya chidutswa, ine ndinali ndi matumba atatu odzaza zotsala za makasitomala, ndipo zonsezo ndinazipakira m'mimba, m'chifuwa ndi m'ntchafu mpaka thupi kulimba nga. Pa akatumba ndi pamapewa ndinasema siponji ya matiresi akale. Tepi sindinaigwire kwenikweni, manja ankangodziwa okha kuti apa pachepa, apa paonjeza, phewa ili litsike pang'ono. Kenako ndinakuta thupi lonse ndi kaliko, n'kuyamba kumata pamwamba pake mapepala a matumba a simenti, mzere ndi mzere, kudikira uume, kupala ndi sandipepa, kumatanso wina.

Zimene ndinasangalala nazo kwambiri zinali tinthu ting'onoting'ono, timene munthu sazindikira kuti akutiona koma tikasowa amati chidole ichi. Mitsempha ya m'mikono ndinayala ulusi wa ukonde pansi pa pepala lomaliza. Zikhadabo ndinadula ku chigubu choyera n'kuzidetsa m'mphepete ndi polishi wa nsapato. Mano chimodzimodzi, limodzi ndinalibenthula dala. Maso ndinachotsa ku chidole cha pakaunjika n'kuwapaka vanishi kuti azioneka onyowa, tsitsi ndinatola mawivi otha ku saluni, nsidze ndinadzala tsitsi limodzilimodzi la burashi ya penti ndi singano, ntchito ya masiku awiri imeneyo. Khungu ndinasakaniza penti katatu konse kuti lisaoneke ngati chitseko. Chijasi ndinasoka ndi tenti yakale ya lole, majombo ndinagula kwa wodula nzimbe wina. Ndinanyadira, sindibisa, ndipo mpaka lero ndimanyadira.

Tsono mvetserani apa, chifukwa m'pamene panagona nkhani. Guluu wa kusitolo sakanakwana thupi lonse lija, ndiye ndinkamatira phala la ufa wa kondowole, lophikidwa mopyapyala, limene aliyense wokulira kunyanja kuno amadziwa kuti likauma limagwira zolimba. Phala limeneli silisungika, likagona limasasa. Choncho m'mawa uliwonse, kwa milungu isanu, ndinkaphika kampoto ka phala pambaula panja, n'kulowa nako kuchipinda chakuseri, n'kutseka chitseko. Pakapita maola awiri ndinkatuluka ndi mpoto wopanda kanthu. Ndiponso ine ndili ndi khalidwe loyankhula ndi ntchito yanga, ngakhale diresi ndimalikalipira likamavuta, ndiye m'chipindamo munkamveka mawu anga ndikuti imirira bwino iwe, tukula mkono, taona wadzipaka phala pachibwano ponse. Woyankha kunalibe. Chipinda chinayamba kununkha chisasa, ntchentche n'kumaunjikana pawindo.

Pa puloti imene ndinkachita lendiyo pankakhalanso mayi wina, mnzanga wa kwaya kutchalitchi, amene tinkabwerekana lichero ndi kupitira limodzi kuchigayo. Iyeyo ndi amene anasuzumira pamng'alu wa windo n'kuona mwamuna wamtali ataima chilili pakona, osagwedezeka, osayankha, ine ndikumupaka phala kukamwa. Kodi anabwera kudzandifunsa? Kutalika kwake kuchoka pakhomo pake kufika panga kunali mapazi khumi okha, koma iye anaona chapafupi kukwera galimoto mpaka ku Kanyenda, kukauza abale a malemu kuti munthu wawo sanafe, ndinamusandutsa ndondocha. Kwa amene simudziwa, ndondocha amati ndi munthu amene wokhwima wamupha mwamatsenga, abale n'kuika thunthu la nthochi poganiza kuti ndi mtembo, pamene mwiniwakeyo wadulidwa lilime, akusungidwa kuchipinda, akudyetsedwa phala ndi kumagwirira ntchito amene anamutengayo kuti alemere. Tsono onkhetsani nokha, thupi silinapezeke, nthochi inaikidwa, wamasiye wagula makina achiwiri, phala likulowa kuchipinda m'mawa uliwonse.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ndinamuonetsa ntchitoyo isanathe, mayi wina wachisilamu wogulitsa usipa, wochokera ku boma la Nkhotakota, wamkulu kwa ine, wapakamwa pakuthwa koma wamtima woyera. Atachiona anabwerera chafutambuyo akutchula dzina la Mulungu, kenako amvekere achemwali, izi ndi haramu, zoletsedwa kwa Mulungu, angelo salowa m'nyumba mokhala chifanizo chotere, chitulutseni msanga. Ndinaseka, ndinati angelo adikire kaye penti aume. Iye sanaseke, anangopukusa mutu n'kunyamula dengu lake.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinaimba ndithu, ine ndi amene ndinagontha. Sabata imeneyo amayi atatu anabwera kudzatenga nsalu zawo zosasoka, aliyense ndi chifukwa chake. Lamulungu kutchalitchi benchi imene ndinakhala inali ndi malo mbali zonse ziwiri. Ana anga anati anzawo akukana kudya nawo zigumu. Ine mutu wonse unali pa nsidze za msilikali, ndinangoti ndi nsanje za masiku onse.

Linali Lachisanu, cha m'ma leveni, ana ali kusukulu, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa cha chimenecho. Ndinali pakhonde ndikusoka, ndinangomva phokoso ngati kumsika agwira wakuba, ndipo nditadzutsa mutu ndinaona chikhamu cha anthu chikukhotera m'kanjira kathu. Patsogolo panali alamu anga, akulu awo a malemu, nkhope ili gwa, atagwira dzanja apongozi anga aakazi, gogo wofooka amene ndinali ndisanamuone chisudzulireni. Pambuyo pawo akabaza, ogulitsa tomato, odula nzimbe ndi zikwanje zawo, azimayi ana kumbuyo, wina atanyamula botolo la petulo, wina akugubuduza tayala. Ambiri mwa iwo anali atavala zovala zosoka ine.

Ndinaimirira, sizasi ili m'manja chifukwa ndinaiwala kuiika pansi, n'kuwapatsa moni alamu mwaulemu wake, ndinati takulandirani, kodi kumudzi n'kwabwino? Iwo sanayankhe moni. Anati mlamu, tabwera kudzatenga m'bale wathu, titsegulireni chipinda chakuseri mwamtendere. Poyamba sindinamve n'komwe chimene akutanthauza, mpaka mnzanga wa kwaya uja anakuwa ali kumbuyo kwa anthu kuti asakane ameneyo, ndinamuona ndi maso angawa akumudyetsa phala. Pamenepo zonse zinagwera pamalo pake. Pakati pa anthuwo ndinaona mwini vidiyo shoo uja, ndinamuitana, ndinati bambo, auzeni anthuwa chimene munandituma. Munthu wamkulu ndi ndevu zake anayang'ana kumbali, amvekere iye sadziwa kanthu, mayiyu amangomusokera mabuluku basi. Ameneyo ndiye ndinamuda kuposa wonyamula petulo.

Anyamata ena anayamba kukankha kuti athyole chitseko, ine n'kuima pakhomo, ndinati m'nyumba mwanga simulowa munthu ndi majombo, ndipo ntchito yanga sigwiridwa ndi manja a tomato, ndikamutulutsa ndekha. Ndinalowa, ndinamukumbatira msilikali wanga m'chiuno, ndinamukoka mpaka panja n'kumuimika pabwalo atayang'ana anthu, chijasi ndisanamuveke, ali ndi buluku ndi majombo okha. Anthu anabwerera m'mbuyo onse nthawi imodzi, mayi wina anagwa ndi mwana kumbuyo. Ndiye wakabaza wina anati aa, koma uyu si mkulu wa tcheni wa m'filimu uja? Wina anavomera, wachitatu anayamba kuseka, ndipo ine ndinapuma, ndinati basi zatha.

Zinali zisanathe. Apongozi anga anali atasiya dzanja la alamu, ndipo poti maso awo anali ofooka sanalimbane ndi nkhope, anayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yawo mozungulira mpaka anakaima kumbuyo kwa chidolecho. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anataya ndodo, anaitana dzina la mwana wawo, dzina la paubwana limene ngakhale ine sindinkalitchula, n'kulira kulira kwa pamaliro. Anati mwana wanga, ndiwe, msana uwu ndinaubereka ine, ukuchita chiyani kuno?

Ndinazungulira nanenso kuti ndiwatonthoze, ndiwauze kuti amayi ndi nsungwi izi, ndipo nditayang'ana ndinaona chimene iwo ankaona. Milungu isanu yonse ndinkagwira ntchito ndikuyang'ana kutsogolo, kulimbana ndi nkhope ya m'filimu, m'kachipinda kopanikiza, ndipo ndinali ndisanaimepo patali kumbuyo kwake. Phewa lamanzere linali lotsika, mmene linatsikira la malemu chifukwa cha nkhafi. Khosi linali lopendekera kutsogolo. Miyendo ya matewe pang'ono, chiuno chopapatiza, msana wautali, ngakhale kaimidwe kotsamira mwendo umodzi. Anali iwowo. Zaka khumi ndi zinayi ndinasokera thupi limodzi lomwelo, ndipo manja anga atafuna kuumba mwamuna anaumba yekhayo amene ankamudziwa. Ndikuuzeni zoona, kwa kanthawi kochepa inenso ndinachita mantha ndi chinthu chopanga ndekha, ndinaganiza kuti mwina atembenuka.

Anthu anaona nkhope yanga itasintha ndipo anati wavomera. Alamu anakuwa kuti mayi salephera kuzindikira mwana wake, nkhopeyo ndi chigoba chabe chimene mfitiyi yamuveka, m'bale wawo ali m'katimo. Sindinaone n'komwe mmene tayala linabwerera, ndinangomva kulemera pamapewa ndi fungo la mphira yotentha ndi dzuwa, ndipo wondiveka anali bambo wina wa kabaza amene suti yake ya ukwati ndinasoka ine. Wa botolo anawaza petulo, wina anandilowa m'diso, wina mkamwa. Ndinamva wina akufunsa kuti machesi ali ndi ndani. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Si pemphero ayi, ndinaganiza kuti ana anga aweruka wani koloko ndipo adzandipeza ndikufuka utsi pabwalo.

Amene anandipulumutsa si wa kwaya, si wa mpingo wanga, koma mayi wa usipa uja. Anabwera akuthamanga kuchokera kumsika mpango uli m'manja, anang'amba chikhamu ndi zigongono n'kudzaima pafupi nane mpaka petulo kumudonthera kumapazi. Anati Wallahi, amene ayatse machesi ayatse anthu awiri, ndipo akayankhe yekha pa tsiku la chiweruzo. Anati chinthuchi iye anachiona chili nsungwi, ndi haramu inde, anandiuza kale, koma haramu si munthu. Kenako anatembenukira kwa alamu, amvekere bambo, inu ndinu msodzi, nsomba mukafuna kudziwa za m'mimba mwake mumaiotcha kaye kapena mumaitumbula? Ngati muli munthu m'menemo mutuluka magazi, tumbulani tione tonse.

Alamu anapempha chikwanje kwa wodula nzimbe, koma ine ndinakana. Ndinati wasoka ndine, wosula ndinenso, ndipo tayala lili m'khosi chomwecho ndinapita patsogolo pa chidolecho ndi sizasi yanga. Palibe ntchito imene inandivutapo ngati imeneyo. Tsopano ndinali nditadziwa kuti chifuwa chimene ndikubayachi n'chayani, ndinkadziwa kutambalala kwake popanda tepi, ndipo apongozi anali kumbuyo akulira kuti musamupweteke, musamupweteke. Ndinabaya pansi pa khosi, pepala louma linalira kuti phwa, azimayi anakuwa, ine n'kutsitsa sizasi mpaka pamchombo. Ndinalowetsa dzanja mpaka m'chigongono n'kusolola.

Chinatuluka choyamba chinali chidutswa cha chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, ndipo ndinachidziwa nthawi yomweyo, chifukwa telala saiwala nsalu. Pamenepo mantha anachoka, mkwiyo n'kulowa m'malo mwake. Ndinachikweza m'mwamba, ndinaitana mwini wake, mayi wa tomato amene anali kutsogolo ndi mwala m'manja, ndinati amayi, si chitenje chanu cha chinkhoswe cha mwana wanu ichi? Ndinamuponyera kumaso. Ndinasololanso, yunifolomu ya sukulu, ndinati bambo inu apo, ya mwana wanu woyamba iyi. Ndinasolola ovololo ya odula nzimbe, leisi ya diresi ya ukwati, chidutswa cha suti ya wondiveka tayala uja, ndipo chilichonse ndinkatchula mwini wake mokweza n'kumuponyera. Chakumapeto kunatuluka nsalu yofiirira ya yunifolomu ya kwaya, imeneyo ndinaipititsa ndekha kwa mnzanga uja, ndinamuika m'manja, ndinati mlongo wanga mwa Ambuye, nachi chiwindi cha ndondocha yako. Ndinawauza onse kuti ngati uyu ndi ndondocha ndiye kuti ndi yanu, chifukwa matumbo ake onse ndi inu.

Anaseka. Anthu omwewo amene ankafunsa machesi anagwira m'mimba ndi kuseka, ena akutola tizidutswa tawo n'kumaonetsana, anyamata akuyeserera mawu a m'filimu, ndipo pang'onopang'ono anabalalika ngati abwera kudzaonera mpira. Kuseka kumeneko kumandiwawa kuposa petulo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani, ndipo palibe amene anandivula tayala, ndinalivula ndekha.

Anatsala ndi apongozi. Anali atakhala pansi m'fumbi kumbuyo kwa chidole chotumbulacho, atagwira buluku lake pamwendo, alamu akuwadzutsa iwo osafuna. Atatonthola anandiitana, anati mwana wanga, ndamva, ndaona kuti ndi nsanza, koma ndipatse ndipite naye kumudzi, tikamuike m'manda muja muli nthochi, kuti nanenso ndikhale ndi poloza. Mtima unandipweteka, koma ndinakana. Ndinagwada, ndinati amayi, mwana wanu ali m'nyanja, Mulungu ndi amene akudziwa pamene ali, uyu ndi ntchito ya manja anga, ndipo mukamuika m'manda anthu awa adzati ndithu munali munthu m'menemo, ana anga adzakhala ana a mfiti mpaka imfa. Alamu anabwera n'kuwanyamula. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinawachitira nkhanza gogo aja, koma ndikanati ndibwerere tsiku lomwelo ndikanakananso.

Madzulo ake ena anandilangiza kuti ndichiotche chinthucho n'kusamuka pa Dwangwa. Ndisamuke ine? Ndalakwa chiyani? Ndinasamba, ndinakhala pakhonde pomwepo aliyense akuona, ndinatola nsanza zotsala, ndinazibwezera m'mimba n'kusoka chifuwa ndi ulusi wakuda wokhuthala, msoko ndinausiya poyera osaupaka penti. Patapita masiku awiri mwini vidiyo shoo anabwera akumwetulira, akuti tsopano chidolechi chatchuka, chimukokera anthu kuposa mmene ankaganizira. Ndinamuuza kuti ine ndimangomusokera mabuluku basi, ndipo kuyambira tsikulo ngakhale mabulukuwo akasoketse kwina. Msilikali ndinamuveka chijasi chake osamanga mabatani, n'kumuimika pakhomo pa shopu yanga, atayang'ana kumsika.

Anaima pamenepo zaka zitatu, mpaka chiswe ndi makoswe anatha naye chifukwa cha phala lija. Patapita miyezi ingapo chichitikireni zija, tsiku lina ndinaona apongozi akutsika galimoto okha, opanda alamu. Sanandipatse moni wautali, anangozungulira n'kukakhala pansi kuseri kwa chidolecho. Ndinawatulutsira mpando ndi kapu ya tiyi. Anayamba kubwera mwezi ndi mwezi, amakhala ola limodzi kapena awiri akuyang'ana msana uja, nkhope yake sanaiyang'anepo n'kamodzi komwe, kenako amasewera ndi adzukulu awo n'kubwerera. Za tsiku lija sitinakambiranepo mpaka anamwalira, ndipo nsalu yowaikira ndinasoka ndine.

Mukandifunsa lero ngati ndondocha zilipo, ndikuyankhani kuti sindidziwa, sindinaionepo, ndipo amene anati anaiona m'nyumba mwanga anaona nsungwi ndi matumba a simenti. Chimene ndinaona ndi maso anga ndi anthu odya nawo, oimba nawo, amene anali okonzeka kundiotcha asanandifunse funso limodzi. Ndiye inu amene mukangomva kuti mfiti, mfiti mumasiya malonda n'kuthamanga, ndikukuchenjezani, amene mukukamuveka tayalayo akapanda kufa mudzakhala naye mudzi umodzi moyo wanu wonse, ndipo iye sadzaiwala nkhope yanu. Bambo wa kabaza uja amabwerabe kwa ine, poti pa Dwangwa ponse palibe wina wosoka kolala yokhala bwino. Sindimubweza ayi. Ndimamuimika pakati pa shopu, ndimamuuza kuti atukule chibwano, ndimazunguliza tepi m'khosi mwake, ndipo ngakhale nambala ya khosi lake ndimaidziwa pamtima, ndimaisiya pamenepo kanthawi, ndikumuyang'ana m'maso, mpaka ameze malovu.